Gemu Imene Sinkafuna Bambo Anga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, bambo anga atatumizidwa ku Wimbe kukagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Tinkakhala awiriwiri. Mayi anatsala ku Kasungu ndi ang'ono anga chifukwa cha ntchito yawo ya kuchipatala, ndipo ine, mwana wamkazi woyamba, ndinapita kuti ndiziwasamalira nyumba. Inali nthawi ya makuponi a fetereza. Mayina ankalemba ndi makomiti a m'midzi, koma amene ankaoneka ndi mapepala pa njinga yamoto anali bambo, choncho aliyense wosalandira ankadziwa woti adane naye. Kusukulu ankanditcha Mwana wa Kuponi, ndipo pa fulaye sankandisankha. Ndinkaweruka ndekha, kudutsa pakati pa zigafa, fungo la fodya wofota likundilowa mpaka kumutu.

Chuma chathu chinali laputopu yakale imene malume anabwera nayo kuchokera ku Joni, ngodya imodzi yomatidwa ndi selotepu. Munali gemu ya nkhondo ya kumwamba. Anthu atera pa dziko lina lopanda mtengo ngakhale umodzi, ndipo kuti apulumuke ayenera kukumba miyala yowala, kumangira msasa ndi kupanga maloboti ankhondo, zilombo zonga chiswe chachikulu zisanawapeze. Munalibe kudikirana. Iwe ukamaganiza, mdani ankakhala ali m'njira.

Gemu imeneyo inali yamakani kwabasi. Zithunzi zake zinali mabokosimabokosi, moti loboti ndi mwala unkazisiyanitsa poona chimene chikuyenda. Wantchito aliyense wa m'gemumo ankafunika kumuuza chochita, ndipo ukamuiwala ankangoima ngati munthu wodikira matola. Asilikali unkasankha ochepa okha pa nthawi imodzi, ndipo akafika pa mlatho ankapanikizana, wina n'kubwerera kumbuyo popanda womutuma. Manja awiri sankakwana, ndiye tinagawana ntchito. Poyamba mausi inkakhala ya bambo: ankamanga, n'kutumiza antchito ku miyala mmodzimmodzi. Nkhondo ikayandikira ankandipatsira ine, iwo n'kumayang'anira kamapu ka pangodya ndi kudina mabatani.

Magetsi kwathu kunalibe. Loweruka laputopu inkapita ku Mtunthama kukatchajidwa pa malo ometera, ndipo Lamulungu tikabwera ku tchalitchi tinkakhala pakhonde la kuseri, iwo pa mpando wawo wandalema, ine pa kampando kathabwa. Batire linkatipatsa ola limodzi ndi pang'ono. Antchito aja bambo ankawatcha alimi awo, ndipo sankalola kuti ndiyambe nkhondo wina ataima chabe.

"Dikira, mayi," ankatero, poti ndi mmene ankanditchulira. "Uyu sanalandire mwala wake."

Ine ndinkapsa nazo mtima, chifukwa ndinkafuna zophulitsa. Koma akafuula kuti chiswe chatulukira kumadzulo, ine n'kutembenuza asilikali pa nthawi yake, ankaseka mpaka kutsokomola. Sabata yonse bambo anali munthu wa mawu awiri atatu, wobwera ndi fumbi m'tsitsi ndi nkhope yoti watukwanidwa. Kuseka kwawo ndinkakumva Lamulungu lokha. Msasa wathu tinkausunga sabata ndi sabata, ndipo pofika nthawi yomanga mabelo a fodya tinali titatsala ndi nkhondo ziwiri kuti timalize.

Pa holide kunabwera msuweni wanga Madalitso wa ku Lilongwe, ali ndi disiki m'thumba la jekete. Ataona gemu yathu anaseka.

"Mukadali pa yoyamba? Yachiwiri inatuluka kalekale. Iyi ndi ya azigogo."

Loweruka limenelo bambo anatituma ife ku Mtunthama. Tili pa benchi la ometa aja, laputopu ili pamagetsi, Madalitso analowetsa disiki ija. Kompyuta inakana, yati malo achepa. Anandiyang'ana n'kunena kuti tifufute yakaleyo. Ndinkadziwa kuti msasa wathu upita nayo limodzi. Ndinkadziwanso kuti disiki yake tinalibe, chifukwa malume anabwera nayo ili kale m'kati. Sindinganame kuti anandikakamiza. Batani lake ndinadina ndekha, mtima uli dyokodyoko kufuna kuona zatsopano.

Ndinene chilungamo, yachiwiriyo inali yokongola. Maloboti ankadzutsa fumbi poyenda ndipo anali ndi mithunzi. Pakati pa nkhondo panali anthu olankhula ngati m'filimu, ndipo ukafuna unkatha kukhala mbali ya chiswe chija. Antchito akangotuluka ankapita okha ku miyala. Gulu lonse la asilikali unkalisonkhanitsa ndi mzere umodzi wa mausi, pa mlatho n'kudutsa mwaulemu ngati amvano polowa m'tchalitchi. Panalinso mawu a mzimayi amene ankachenjeza mdani akamabwera. Chilichonse chimene chinkandikwiyitsa mu yoyamba ija anali atachikonza.

Lamulungu bambo anakoka mpando wawo, akutikita manja. Atayang'ana anatsinzinira pang'ono.

"Alimi anga ali kuti?"

"Ababa, iyi ndi yachiwiri. Alimi akupita okha, onani."

Anaonadi. Dzanja lawo linali litatambasuka kuti lilandire mausi, ndipo pang'onopang'ono linabwerera pabondo. Patapita kanthawi timadontho tofiira tinaoneka pa kamapu kaja. Bambo anatsegula pakamwa, koma mzimayi uja anawatsogolera kulankhula. Ine ndi Madalitso tinaseka.

"Mwaona, ababa? Iyi siifuna anthu awiri."

"Nanga yathu ija?"

"Tafufuta. Malo anachepa."

Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale. Iwo anangogwedeza mutu.

"Chabwino, mayi. Sewera."

Ananyamula mpando wawo n'kupita nawo kumaso kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango.

Madalitso anabwerera kwawo sabata yotsatira. Ndinatsala ndi gemu yanga yokongola, ndipo ndinkapambana bwinobwino. Koma inali yolemera, laputopu inkatentha miyendo, batire n'kutha ola lisanakwane. Ikathima ndinkadziona nkhope pa galasi lakudalo, dzuwa likadali pamwamba, ndipo kumaso kwa nyumba kunkamveka wailesi yokha. Ndinasungulumwa kuposa mmene ndinkasungulumwira kusukulu, chifukwa uku ndinali nditadzipangira ndekha. Tsiku lina ndinapita kukawaitana.

"Ndikudzatani?" anandifunsa, popanda mkwiyo uliwonse. M'gemu imeneyo munalibedi ntchito yawo.

Nditamaliza Sitandade 8 ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndipo sitinakhalenso awiriwiri.

Lero ndimakonza makompyuta mu Lilongwe, ndipo anyamata a pa shopu amakonda kutsutsana za magemu, kuti yatsopano imaposa yakale kapena ayi. Ine ndimawauza kuti yachiwiri ija inaposa yoyamba pa chilichonse chimene munthu angaloze ndi chala. Zimene sindiwauza ndi zakuti zovuta za yoyamba ija ndi zimene zinkasiyira bambo anga malo.

Chaka chatha ndinaipeza yoyambayo, n'kupita nayo ku Lisasadzi kumene akukhala atapuma ntchito. Maso awo anafooka, ndipo timabokosi tija sankationanso bwino. Ndinawafunsa chimene ankaikondera gemu yonyansa chonchi. Anamvetsera kaye kanyimbo kake koyambira.

"Muja aliyense ankalandira," anatero, "ndipo panalibe wonditukwana. Komanso iwe unkandifunsa zochita."

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinkaganiza kuti munthu wosungulumwa m'nyumba ija ndinali ine ndekha. Sindinadziwe kuti munthu wamkulu, wa njinga yamoto ndi mapepala aboma, angakhale akudikira Lamulungu ngati mwana. Tsopano ndikaona chinthu chatsopano chimene chachotsa vuto, ndimayamba ndafunsa kuti vutolo ankalisenza ndani, ndipo akakhala kuti.

Masana amenewo ndinakoka kampando, n'kukhala pambali pawo. Wantchito woyamba anatuluka n'kuima chabe, monga mwa khalidwe lake. Miyala inali pomwepo, ndinkaiona bwinobwino.

"Ababa," ndinatero, "uyu apite kuti?"