Kapitawo, Mphaka wa Nyangondo

Edith Ngondo adabadwira ku Ntcheu, cha ku Tsangano, kumene madzi a m'mawa amaluma zala. Kunyanja adabwera ali mtsikana, atamva kuti pa loji ina pafupi ndi Makuzi akufuna munthu wochapa ndi kusita. Ankati akhala chaka chimodzi, apeze poyambira, abwerere kwawo kukalima mbatatesi. Sadabwerere. Adakumana ndi Gibson Manda, mmisiri wokhoma maboti, munthu wa mawu ochepa amene ankamudikira pa geti atanyamula nsomba m'manja, osadziwa poyambira nkhani. Adamanga banja, ndipo anthu a m'mudzimo adamusintha dzina, Nangondo n'kukhala Nyangondo.

Chitonga adayamba kuchimva msanga, koma lilime lidakana. Akati ayankhule, ana ankabisa nkhope kuseka, mpaka adazolowera kungoyankha m'Chichewa. Kuviika chinangwa adaphunzira, kuphika kondowole adaphunzira, koma anthu ankamulemekeza monga alemekezera mlendo: moni pa njira, basi. Iyenso m'makomo mwa anthu sankalowamo. M'mawa kuntchito, madzulo kunyumba, Lamulungu kutchalitchi.

Mphaka adabwera ndi Gibson. Adamutola ali kamwana pansi pa boti lovundikira, wakuda bii, pachifuwa pokha poyera. Adamutcha Kapitawo, poti ankakhala pa thabwa kuyang'anira anthu akugwira ntchito, iye osagwirako kanthu.

Gibson adamwalira atadwala miyezi yochepa. Nthawi imeneyo mwana wawo yekhayo, Ulemu, anali ku Mzuzu kuphunzira unamwino. Pa maliro, Edith ali kuseri kwa nyumba, adamva Bessie, mlongo wake wamkulu wa malemuyo, akuuza amayi ena kuti, "Wa ku Ntcheuyu sakhalitsa. Muona, abwerera kwawo." Mawuwo adamulasa. M'mudzimo sadachoke, koma kuyambira pamenepo iye ndi mlamu wakeyo ankangopatsana moni wouma.

M'nyumba adatsala awiri, iye ndi Kapitawo. Mphakayo ankamuchingamira pa mtengo wa mango wa m'mbali mwa njira, n'kumatsogola mchira uli m'mwamba. Makoswe sankayandikira chinangwa choyanika. Edith akamadya ankamufotokozera za tsikulo: mlendo amene wathira khofi pa nsalu zoyera, magetsi amene anathima simbi ili pakati pa ntchito.

Ndiye m'mwezi wa Januwale, mvula ili pakati, Kapitawo sadaoneke pa mtengo wa mango. Edith adagogoda mbale yake pakhonde, adaitana mpaka mawu adasasa. Kutacha, usipa umene adamusiyira udali utadzaza nyerere.

Kuntchito adauza Noel, wophika wa pa lojipo, kwawo ku Zomba. Noel adapukuta manja, n'kutsitsa mawu.

"Mayi, ndikuuzeni ngati mnzanu wobwera. Mphaka wakuda, inu wamasiye, kuno si kwanu. Mukayamba kufunsa khomo ndi khomo, anthu adzati mphakayu ali ndi ntchito ina. Ingomusiyani."

Edith adadziwa zimene Noel ankanena. Nkhani za amphaka ndi ufiti adakula akuzimva. Adapirira masiku angapo, koma nyumba idamukulira. Loweruka lina adamanga chitenje, n'kuyamba ndi khomo loyandikira.

Adafunsa m'Chitonga chake chopunduka chomwecho. Mayi wa pakhomopo sadaseke. Adamuyalira mphasa, adamupatsa mango, n'kuitana mwamuna wake kuti akasuzumire m'khola la nkhuku. Khomo lachiwiri chimodzimodzi. Kugombe, mkulu wina wosoka maukonde, dzina lake Enos, adasiya ntchito yake n'kuyenda naye boti ndi boti, akugwada ndi maondo ake okalambawo kuyang'ana kunsi.

"Mwamuna wanu anandikhomera boti langa loyamba," adatero a Enos. "Mphaka ameneyo ankakhala pomwepo. Tikamuona tikuuzani, ama."

Adafika mpaka ku msika wa Chintheche. Amayi ogulitsa mpunga wa ku Limphasa adati amphaka amakonda kukwera galimoto za matumba, ndipo adalonjeza kukafunsa kumeneko. Za ufiti palibe adatchulako. Khomo limodzi lokha ndi limene Edith adalilambalala, la Bessie.

Masabata adapita. Mbale ija adaitsuka n'kuiika pamwamba pa kabati.

Tsiku lina masana, atangofika kuchokera kuntchito, adamva odi. Pabwalo padali Bessie, atasenza dengu lovundikira ndi chitenje. Adalitula pakhonde mosamala ngati muli mazira. M'kati mudamveka kulira kumene Edith akadakuzindikira ngakhale pakati pa amphaka zana.

Edith adavundukula dengulo. Kapitawo adali ataonda, mwendo wakutsogolo utamangidwa kansalu. Adanunkhiza zala za Edith, n'kugunditsa mutu wake m'chikhatho.

"Ndinamupeza kumunda kwanga, m'chinangwa," adatero Bessie. "Anakodwa mu msampha wa waya, wa anthu otchera ntchenzi. Waya unalowa mpaka pafupa."

"Liti, alamu?"

"Kalekale. Sabata yomwe anasowayo."

Edith adamuyang'ana.

"Ndinamudziwa pomwepo," adapitiriza Bessie. "Gibson ankabwera naye kwathu ali kamwana, m'thumba la jekete. Koma mmene analili, ndinkaona ngati safika mawa. Ndinati ndikabwera naye chonchi n'kufera m'manja mwanu, mulira kawiri. Ndiye ndinkamutsuka ndi madzi a mchere, kumupondera usipa. Anandikanda, onani." Adatambasula mkono wodzaza zipsera. "Ndinamva kuti mukuyenda m'makomo. Ndinkati mufika kwanga, mudzamuone nokha."

"Ndinadutsa," adatero Edith motsitsa.

"Ndinakuonani."

Mphaka adayamba kununkhiza khonde lake, akutsimphina. Kenaka Edith adagwada, adagwira dzanja lokandidwalo ndi manja ake onse awiri, n'kuthokoza m'Chitonga, mawu onse amene ankawadziwa. Ena adawapotoza. Bessie adamuwongolera amodzi, onse n'kuseka, misozi ili m'masaya.

Edith adateleka tiyi. Bessie adamwa makapu awiri, akusimba za Gibson ali mwana, mmene adamiza bwato la bambo awo poyesa kulikonza. Nkhani imeneyo Edith adali asadaimvepo. Pochoka, Edith adamuperekeza mpaka pakhomo pake, ndipo adalowa.

Mwendo wa Kapitawo sudawongoke bwinobwino, koma udapola. Adatengerapo khalidwe latsopano: m'mawa Edith akapita kuntchito, iye ankatsimphina kupita kwa Bessie, kumene ankadziwa kuti kuli usipa wopondaponda. Azilamu awiriwo adayamba kukangana zoti akumunenepetsa ndani.

Kuyenda m'makomo kuja kudabala china chimene Edith sadachiyembekeze. Anthu adamudziwa kuti ndi mayi wa amphaka. Woyamba adali a Enos, amene adabwera ndi kamphaka kotuwa kamene adakapeza katazizidwa m'milu ya maukonde. Edith adakasunga m'kashedi momwe Gibson ankaikamo zipangizo, n'kukanena kumsika ndi kwa amayi anzake potuluka m'tchalitchi. Mwini wake adapezeka, mphunzitsi wina amene adangosamukira kumene m'deralo. Kuchokera apo, wotola mphaka amapita naye kwa Nyangondo, wosowa mphaka amayambira kwa Nyangondo. Iye amawauza zomwe adaphunzira: yang'anani kunsi kwa maboti, funsani a minibasi, musaiwale misampha ya m'minda, ndipo musadumphe khomo. Amene eni ake sapezeka, amayi a ku Limphasa amawatenga kuti akalondere mpunga.

Si onse amapezeka. Ena amadyedwa ndi agalu, ena amangozimirira. Zikatero Edith amakhala pansi ndi mwini wakeyo, kumumvetsera mpaka atamaliza.

Chaka chatha adapuma ntchito pa loji, msana utayamba kudandaula. Ulemu, amene tsopano ndi namwino, adamupempha kuti akakhale naye ku Mzuzu. Edith adapitako, adakhala pang'ono, n'kubwerako, ati kumeneko kukuzizira ndipo m'shedi muli alendo atatu osowa kwawo. Mmodzi mwa iwo, wamawangamawanga wodulidwa khutu, akudikirabe. Bessie akuti ngati mwezi uno utha mwini wake osabwera, amutenga iyeyo.