Tambala Amene Anamangidwa Nafe Limodzi

Sanagogode, pakuti panalibe chitseko choti agogode. Anatipeza pansi pa mtengo wa mango, pabwalo la mlongo wanga kwa Nsamala, Loweruka lina la mu Ogasiti, dzuwa litapendeka. Anali achinyamata a chipani ovala malaya ofiira, ndipo kumbuyo kwawo kunaima galimoto ya polisi. Wowatsogolera, amene ndinamuphunzitsa ine mwini kugwira pensulo, anati, "Aphunzitsi, nyamukani. Ndi inunso, ammisiri. Mukufunika." Ndimakonda kunena kuti anatitenga, osati anatigwira, chifukwa wogwidwa ndi munthu wothawa, pamene ife tinali chikhalire pamipando.

Mayina sinditchula. Ena mwa anthuwo akali moyo ndipo timakumana pamaliro.

Tsikulo linali la chinkhoswe. Mwana wamkazi wa mlongo wanga anakondana ndi mnyamata wa kwa Kalembo. Ine, mtsibweni wake, ndinali nkhoswe ya kuchikazi. Nkhoswe ya kuchimuna anali ammisiri a matabwa, bambo wamfupi, wa mawu aakulu, wondiposa zaka pang'ono. Iwo anabwera ndi tambala, ife tinakonza msoti. Ankhoswe akasinthana nkhuku ziwirizo, ukwati wavomerezeka. Akapanda kusinthana, ana amangodikira.

Tinali tisanasinthane, chifukwa ndinaika mfundo yoti mnyamatayo ayambe wasiya mpingo wa kwawo. Ine ndinali mkulu wa mpingo umene umaphunzitsa kuti Mulungu anasankhiratu opulumuka dziko lisanalengedwe, mwa chisomo chake chokha. Ammisiri anali mlaliki wa kampingo kofolera udzu, kophunzitsa kuti chipulumutso chinayalidwa pamaso pa aliyense, ndipo munthu ali ndi ufulu wochilandira kapena kuchikana. Sindinafune kuti zidzukulu za mlongo wanga zikule zikuganiza kuti Mlengi amadikira chilolezo cha cholengedwa.

"Aphunzitsi," anatero ammisiri, tambala ali m'khwapa, "ngati zonse zinatha kalekale, belu la kutchalitchi kwanu mumaliziranji? Osankhidwawo si abwera okha?"

"Belulo nalonso linakonzedweratu," ndinayankha. "Wochimwa ndi mtembo, ammisiri. Munauonapo mtembo ukudzisankhira kudzuka?"

"Iyayi, wochimwa ndi wodwala. Mankhwala amapatsidwa, koma kukamwa amatsegula yekha."

"Nanga mphamvu yotsegulira kukamwayo waitenga kuti?"

Tinaiwala kuti masana omwewo kunali msonkhano wa chipani pabwalo la sukulu. Njira yopita kumeneko inkadutsa pakhomo pa mlongo wanga. Anthu ankaima kuti amve pang'ono, kenaka n'kukhala pansi. Ena ankaombera m'manja ammisiri, ena ine. Tcheyamani wa chipani atafika ndi mlendo wake wochokera ku boma, anapeza mabenchi, amayi ochepa ndi mbuzi.

Pokwera galimoto, sajeni wa polisi analamula kuti nkhuku nazonso zikwere, pakuti zinali umboni wa msonkhano wosaloledwa. Mwana wa mlongo wanga anathamangira galimotoyo akufuula kuti, "Atsibweni! Nanga zathu zija?" Ukwati wake unali m'manja mwa anthu awiri, ndipo onse awiriwo anali atamangidwa ndi unyolo umodzi.

Anatiwolotsa Shire n'kutitsekera pa polisi ina ya kumapiri. Anatilanda nsapato, malamba ndi magalasi anga. Chitokosi chinali chachikulu ngati khitchini ya mphunzitsi, koma munali anthu okwanira kalasi. Pangodya panali ndowa. Ntchito yake owerenga akuidziwa. Amene anatipatsa malo pafupi ndi khoma anali bambo wachikulire wa Chisilamu wa kwa Mposa, wogulitsa matemba, amene anamangidwa chifukwa khadi lake la chipani linanyowa n'kung'ambika.

Kutacha, kuseri kwa khoma kunalira tambala wa mawu osasa, oduka kumapeto ngati watsamwa. Ammisiri anadzambatuka.

"Ameneyo ndi wanga! Aphunzitsi, tambala wathu ali moyo!"

Wapolisi wa pachitseko anatiuza kuti nyumba ya sajeni inali kuseri komweko. "Bwana analetsa kudya umboni mlandu usanathe," anatero modandaula.

Kuyambira pamenepo tambalayo anasanduka belu lathu. Akalira, mtsutso unkayamba, ndipo unkayambira pa mtumwi uja amene anauzidwiratu kuti adzakana Mbuye wake tambala asanalire. Ine ndinkati popeza zinanenedweratu, sizikanachitika mwina. Ammisiri ankati kudziwa si kukakamiza. "Ine ndimadziwa kuti mawa mudzakonza Chichewa cha munthu wina m'chipinda muno," ankatero, "koma sindine ndimakutumani." Ankafunsanso kuti, ngati mtumwiyo sakanachitira mwina, analiriranji? Ine ndinkati misoziyo inali mphatso, monganso kugwako kunali phunziro.

Chitokosi chonse chinagawanika. Mkaidi wina, wakuba njinga, anali mbali yanga, pa zifukwa zimene sizinandikondweretse. Apolisi posinthana ntchito ankafunsana kuti, "Lero akutsogola ndani, mphunzitsi kapena kalipentala?" Bambo wa matemba tinamupempha kuti akhale woweruza, koma anakana. "Ambuje, kwathunso mashehe nkhani imeneyi sanaimalize," anatero. "Ine ndimangodziwa kuti nsomba amapereka ndi Mulungu, koma ukonde ndimaponya ndekha." Tonse awiri tinati wagwirizana nafe. Sindinasekepo m'moyo wanga monga ndinasekera m'chipinda chonunkha chimenecho, ndipo ndikudziwa kuti ena sadzakhulupirira.

Mu Okutobala, kutentha kutafika pachimake, kunabwera bwana wa polisi wovala zovala wamba wochokera ku tauni. Anayamba waitana ammisiri. Ammisiriwo anabwerera madzulo akuyenda pang'onopang'ono, n'kukhala pansi mosamala. Nditawafunsa, anati, "Amafunsa za matabwa." Tsiku limenelo sitinatsutsane.

M'mawa mwake anaitana ine. Bwanayo anandipatsa mpando ndi magalasi anga. Anali munthu wa mawu ofatsa.

"Aphunzitsi, inu ndinu wantchito wa boma. Sitikufuna kukuvutitsani. Ingonenani kuti kalipentalayu anasonkhanitsa anthu dala kuti achititse manyazi chipani. Mawa mukhala muli m'kalasi."

"Nanga iwowo, bwana?"

"Ameneyo tili nako kokamusunga. N'kutali pang'ono."

Kutali kumeneko tonse tinkakudziwa. Opita kumeneko akazi awo sankadziwa ngati avale zakuda kapena adikire. Ndinadziwanso kuti nditanena mawuwo, ku Kalembo sikudzachokanso munthu wobwera ndi tambala pakhomo pa mlongo wanga. Koma ndinali nditatopa ndi nsabwe, ndipo ndinkafuna kuona ana anga. Bwanayo anabwerezanso chiganizo chija pang'onopang'ono, monga ndimachitira ndi ana a sitandade wani, kuti ndingomutsatira.

Ndisanayankhe, kuseri kwa zenera tambala analira, mawu osasa aja, oduka kumapeto. Ndikudziwa kuti atambala amalira nthawi iliyonse. Koma ameneyu tinali titamulalikira miyezi iwiri.

"Bwana," ndinatero, "chiganizo chanucho n'chomangidwa bwino, koma si choona. Anthu anaima okha. Ndipo amene anayambitsa mtsutso ndine."

Anandivula magalasi mwaulemu, n'kuwapinda, n'kuwaika patebulo. Kenaka anandipereka kwa anyamata awiri amene ananditengera m'chipinda cha kumapeto kwa khonde. Mmodzi anati, "Lero tikuphunzitsani ndife, aphunzitsi." Phunzirolo linatenga nthawi ndithu. Khutu langa lamanzere linapuma pantchito kuyambira tsiku limenelo.

Nditatsitsimuka, mutu wanga unali pamiyendo ya ammisiri, ndipo ankandimwetsa phala lawo ndi chala. Anachita zimenezo masiku angapo, iwo osadya. Bambo wa matemba ndiye anandinong'oneza, ku khutu labwino, kuti ammisiri nawonso anapatsidwa mwayi womwewo: akananena kuti ine ndinasonkhanitsa anthu, akanapita kwawo. Msana wawo anali atauona iye powathandiza kuvula malaya.

Nditayamba kukhala tsonga, ammisiri sanathe kudzigwira.

"Aphunzitsi, ndakugwirani! Anakuikirani njira ziwiri, ndipo munasankha. Inu, mkulu wa mpingo wa osankhidwiratu, mwasankha ndi pakamwa panu!"

"Sindinasankhe kanthu," ndinayankha. "Thupi langa lonse linkafuna kuvomera. Mawuwo anatuluka ine ndikumvetsera ngati mlendo. Ndipo tambalayo anamutuma ndani pa mphindi imeneyo? Inu?"

"Tambala analira, inde. Koma sanakuyankhireni."

"Nanga inu, m'chipinda muja, munapirira ndi mphamvu zanu?"

Anayang'ana zikhatho zawo zokhakhala. "Ndinanena iyayi ndekha," anatero. "Koma atafika pakati, ndinalibenso mutu wosankhira chilichonse. Pamenepo wina anandigwira. Zimenezo ndikuvomera."

"Ndiye mwabwera kwathu."

"Iyayi! Wogwidwayo ndi amene wayamba watambasula dzanja!"

Tinaseka mpaka nthiti zanga zinandikumbutsa kumene zinachokera.

Masiku otsatira ndinalingalira mwakachetechete, ndipo ndinagwiritsa ntchito chiphunzitso changa chomwe. Ngati Mulungu amasankha mwa chisomo chake chokha, ndiye kuti safunsa mkulu wa mpingo wa kwa Nsamala kuti asankhe ndani. Ndipo ngati osankhidwa amadziwika ndi zipatso zawo, ndinali nditamwa phala kuchokera pa chala cha mmodzi wa iwo. Kuti maganizo ake pankhaniyi anali olakwa, sindinakayike, ndipo sindikayika lero. Koma ndinaona kuti Mulungu angathe kusankha munthu n'kumusiya akuganiza kuti wadzisankhira yekha.

Tsono m'mawa wina, tambala atalira, ndinakonza kolala ya malaya anga ong'ambika n'kunena mwamwambo kuti, "Ankhoswe anzanga, akuchikazi tamva pempho lanu. Mnyamata wanu tamulandira monga ali, ndi mpingo wake womwe."

Ammisiri anaomba m'manja mwaulemu. "Akuchimuna tathokoza. Anawa anasankhana okha, ife tangotsatira."

"Anakonzedweratu kuti akumane."

"Ambuje, malizani kaye ukwatiwu," anadandaula bambo wa matemba, "zinazo mukatha."

Pachinkhoswe ankhoswe amang'amba nkhuku yowotcha n'kudyera pamodzi. Ife tinalibe nkhuku, ngakhale tinkaimva. Bambo wa matemba anatulutsa kansomba kouma kamodzi mwa timene akazi ake anamubweretsera. Ammisiri anagwira kumutu, ine kumchira, tinang'amba n'kudya. Wakuba njinga analuluta ngati mayi, ndipo wapolisi wa pachitseko anamenya chitsulo ndi ndodo kuti tikhale chete, koma anamenya motsatira nyimbo.

Mwana wa mlongo wanga ankabwera ndi mbatata pamene apolisi alola. Atabweranso, ndinamuona pa kazenera ka pachitseko, atawonda. Sanafunse kanthu, anali atasiya kufunsa. Ndinati, "Mayi, kauze amako ayambe kusunga mapira a thobwa." Anandiyang'ana, n'kuyang'ana ammisiri amene ankasuzumira paphewa panga akumwetulira ndi mano onse. Mbale ya mbatata inagwa pansi. Apolisi anatola n'kudya, ndipo palibe anadandaula.

Anatitulutsa mvula yoyamba itagwa, ngumbi zikuuluka pabwalo la polisi. Chifukwa chake sanatiuze, monganso sanatiuze mlandu wake. Sajeni anatibwezera nsapato, malamba ndi magalasi, n'kunena kuti, "Kumene munali musakauze munthu." Kenaka, pokhala munthu wotsata malamulo, anatuma kuti umboni ubwere. Akazi ake anatulukira ndi dengu, nkhope ili gwaa. M'dengumo munali tambala, msoti uja amene tsopano anali thadzi, ndi anapiye olira.

"Mwaona, aphunzitsi?" anafuula ammisiri. "Izi sizinadikire ankhoswe!"

Tinasinthana nkhukuzo pomwepo, pageti la polisi, mvula ikuwaza. Anapiye tinawasiyira akazi a sajeni, pakuti anawalera ndi gaga wawo. Bambo wa matemba anali atatuluka kale, koma anafika paukwati ndi dengu la nsomba. Ukwatiwo unadalitsidwa m'tchalitchi chathu pambuyo pa kukolola, ndipo ammisiri analalikira pamadyerero motalika ndi molakwa. Ntchito ya uphunzitsi sindinabwezeredwe mpaka patapita zaka zingapo. Ndinalima thonje, ndipo ndinaphunzira kupala matabwa, ngakhale mphunzitsi wanga ankati ndili ndi manja a choko.

Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, anthu ankandifunsa ngati ndikukondwa ndi ufulu. Ndinkakondwa, ndipo ndikukondwabe: lero anthu awiri angathe kutsutsana pansi pa mango mpaka dzuwa kulowa popanda galimoto kuima pamsewu. Koma mphindi imene ndinali mfulu koposa m'moyo wanga inali mu ofesi ija, ndilibe nsapato, pamene ndinalephera kunena bodza. Ammisiri ankati umenewo ndiwo umboni wawo. Ine ndimati ndi wanga.

Anamwalira chaka chatha, nthawi yokolola. Nditapita kukawazonda komaliza, mawu aakulu aja anali atachepa, moti ndinawatchera khutu lamanja. Anati, "Asewere, ndikupita kukafunsa. Mukandipeza pachipata ndi yankho."

Ndinawauza kuti yankholo ndikulidziwa kale, ndipo ndinawapempha kuti akadabwa, asachite manyazi. Anaseka mpaka kutsokomola. Tsopano ndikamva tambala wa mawu osasa m'mudzi muno, ndimaika pansi kapu yanga ya tiyi, n'kuyamba kukonza mfundo zanga.