Malo Amodzi Otsala M'boti

Chaka chimene Thuchila anasefukira, mudzi wathu unasanduka tizilumba. Ife tinathawira pachulu chachikulu cha kumunda. Mawa lake kunabwera boti la injini, lija lothamanga, kudzatitengera kusukulu ya pamtunda, yomwe nayonso inali itazingidwa ndi madzi.

Ndinakweza mkazi wanga ndi ana, nanenso n'kukwera. Pachulu panatsala apongozi anga okha, mayi ake a mkazi wanga, ndipo malo otsala m'botimo anali amodzi, pambali panga penipeni. Kwathu mkamwini sakhudzana ndi apongozi ake. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire, ine n'kuyang'ana kumbali.

"Kwerani, mayi!" anakuwa woyendetsa boti.

Iwo anaphimba nkhope ndi chitenje. "Pitani, ine ndikwera ulendo wachiwiri."

Ndinati ndisinthane malo ndi wina, koma woyendetsayo anandikalipira kuti ndikaimirira boti ligubuduka. Ndikanatha kutsika ine kuti akwere iwo. Sindinatsike. Injini inalira, ndipo mphindi zochepa tinali kusukulu.

Botilo analitumiza kukatenga ena kaye. Pomwe linkabwerera kwa apongozi, chulu chija chinali chitamira.

Anthu m'mudzi amawatama kuti anali mayi wodziwa mwambo, ndipo ndikamva zimenezo mtima umandiwira. Mwambo wanji? Zaka zonse za ukwati wanga ndinkapewa kuwayang'ana kumaso. Lero ana akandifunsa kuti agogo awo ankaoneka bwanji, ine ndimangokumbukira chitenje.