Amake Kachenjede

Mwana wanga wamwamuna atamaliza maphunziro ku yunivesite, amayi a kutchalitchi kwathu ku Unit A, dera la kufupi ndi Harare, anandisintha dzina. Kwathu mayi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake, koma iwo anayamba kunditchula kuti amake kachenjede. Ndisaname, linkanditsekemera. Ndinkachita dala kuchedwa kuyankha kuti aliitanenso.

Mawuwa sindinakule nawo. Bambo anga, amene anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya kuno, aliyense wodziwa kulemba ankangomuti kalaliki. Za kachenjede tinamva kwa abusa ena ochokera ku Malawi. Anatiuza kuti mawuwa anachokera ku kuchenjera, ndipo amanena munthu amene sukulu yamunola mpaka kumapeto, wapamwamba ngati katswiri kapena kadaulo. Chimene munthu wotereyo amadya sanatiuze.

Zaka zinapita, ntchito osapezeka. Mwana uja anayamba kugulitsa machaja a foni pokwerera makombi, maminibasi opita ku Harare. Amayi aja akamadutsa ankamupatsa moni mwachikondi: "Mwaswera bwanji a kachenjede?" Mahwindi, anyamata oitanira anthu m'makombi aja, anatola dzinalo osadziwa ndi tanthauzo lomwe, n'kumamukuwa nalo.

Loweruka lina masana mwanayo anandipeza ndikuchapa. Ine ndimamulankhula Chichewa, iye amayankha m'Chishona.

"Mhamha, vaudzei vasiye zita iroro," anatero, kundipempha kuti ndiwauze amayi aja aleke dzinalo.

"Akukunyadira, mwanawe. Kodi sukuluyo unachita kuba?"

Apa anayankha m'Chichewa chake chopotoka: "Dzinalo mukusangalala nalo ndinu. Wolisenza ndine."

Ndinapsa mtima, chifukwa ankanena zoona. Ine ndinalekera sukulu panjira, ndipo dzina limenelo linali digiri yanga. Kulisiya kunandiwawa kwambiri. Koma ndinkaona mmene mwanayo ankazembera amayi aja, mpaka kutchalitchi anali atasiya kubwera.

Lachinayi, pamsonkhano wa amayi, ndinaimirira n'kuwapempha. Sanakane. Ambiri a iwo ali ndi ana a madigiri amene akugulitsa tomato. Mayi wina amene anabwera kumene mumpingomo anafunsa kuti, "Nanga dzina lake lenileni ndani, kuti tizikuitanirani?"

Ndinalitchula, dzina limene ndinamupatsa ndekha ali wakhanda. Linatuluka molemera ngati la mlendo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ngakhale m'nyumba mwathu, chimalizireni sukulu, ine mayi wake ndinali ndisanamuitanepo nalo.