Utsi Unatulukira Padenga Lake

M'mawa umene nkhaniyi ikuyambira, madzi akuda anali atafika m'akakolo m'chipinda chogona. Sanalowere pakhomo. Anatumphukira m'chimbudzi, nadutsa pabalaza atanyamula tinsapato ta mwana. Aka kanali kachitatu dzinja limenelo, ndipo mwanayo anali atangotuluka m'chipatala ndi matenda otsegula m'mimba.

Mayi a mwana anaima pabedi, mwana kumsana, akupinda zovala.

"Bambo ake, ine sindikukukanani," anatero mofatsa. "Koma mwanayu sindimuika m'manda chifukwa cha nyumba. Ndapita kwa amayi. Pakadzauma pano mudzatitenge."

Inu amene mwatopa ndipo mukuona ngati palibe akukumvani, imvani za bambo ameneyu.

Anzake ankamutcha Chivundikiro. Atalephera kawiri mayeso omaliza a sekondale, anapeza ganyu kukhonsolo, m'gulu losamalira mapaipi a suweji, aja otenga zonyansa za m'nyumba. Ntchito yake inali kutukula zivundikiro zachitsulo za mumsewu ndi kutokosa m'mapaipi ndi ndodo zazitali. Nyumba yake inali yomalizira kumunsi kwa chitunda. Atamva zimene zinachitika, anzakewo ankamuseka kuti ntchito imamukonda mpaka yamutsatira kuchipinda.

Iye ankaseka nawo, koma mtima uli kwina. Paipi ya mumsewu wawo anaitokosa kambirimbiri osapeza chotseka. Tsiku la dzuwa madzi ankayenda pansi penipeni, mwaulemu. Koma mvula ikangoyamba, paipi inkadzaza munthu asanamalize kumanga nsapato. Anadzifunsa kuti, kodi anthu onse amathamangira kuchimbudzi nthawi imodzi chifukwa choti kwagwa mvula? Ayi. Ndiye kuti mvulayo inali ndi polowera.

Kuyambira pamenepo, ena akamathawa mvula iye ankatuluka. Ankakwera chitunda akutukula chivundikiro chilichonse, n'kulemba m'kakope kokutira ndi pulasitiki pamene madzi achuluka ndi pamene achepa. Anachita zimenezi masabata asanu ndi awiri. Chifuwa chinamugwira, chinamusiya, chinamugwiranso. Panali kanthu kamodzi ka panyumba pake kamene kankamubwerera m'mutu, koma ankakakankhira kumbali, amvekere n'kakang'ono.

Kapitawo wake ataona kakopeko anati ntchito ya Chivundikiro ndi kutukula, zoganiza asiyire a masukulu. Chivundikiro anapita kwa mayi injiniya wa kukhonsoloko, ndipo katatu konse anamuuza pakhomo kuti abwere mawa. Ulendo wachinayi sanatenge kope. Anatenga botolo la madzi oyera mbee, muli timasamba ndi mchenga, naliika patebulo.

"Mwatunga kuti amenewa?" anafunsa mayiwo.

"M'suweji, mayi. Masambawa ndi a padenga. Munthu sadya masamba otere."

Mayi injiniya analiyang'ana botololo nthawi yaitali, kenaka anaitanitsa kope lija. Anamuuza kuti mosungira zida za khonsolo muli makina akale opopera utsi wosavulaza m'mapaipi. Pamene utsi watulukira, ndi pomwe mvula imalowera.

Loweruka m'mawa, anthu atachenjezedwa, makina analira. Posakhalitsa utsi woyera unayamba kufuka m'mapaipi otsitsa madzi a padenga, nyumba iyi, nyumba iyo, mpaka makumi awiri ndi zitatu. Eni ake anali atalumikiza mapaipiwo kusuweji pothawa matope pabwalo. Anthu anaima mumsewu akulozana ndi kusekana, ndipo aliyense ankadziteteza ndi mawu amodzimodzi: kapaipi kanga n'kamodzi, kangadzaze chiyani?

Kenaka makaniko wa pagalaja, amene pake panafukanso, analoza kumunsi.

"Achimwene a Chivundikiro, nanga uko akuphika ndani? Si paja alamu anachoka?"

Onse anatembenuka. Utsi unkatuluka padenga la nyumba yomalizira. Kanthu kaja kanali kameneka. Kale, mwana wake akuphunzira kukwawa, Chivundikiro analumikiza yekha paipi ya padenga kusuweji kuti pakhomo pasamachite matope. Anachita mwachikondi, ndipo chikondi chomwecho n'chimene chinathira nawo madzi m'chipinda cha mwanayo.

Anthu anafa nacho chiseko. Kapitawo anapukusa mutu. Apa munthu wina akanathawa, kapena akanayamba kufotokoza. Iye anatsetsereka mwakachetechete, nalowa m'nyumba, natuluka ndi sowo. Anadula paipiyo onse akuona, natseka bowo ndi simenti.

"Woyamba kulakwa ndi ine," anatero akupukuta manja. "Kanga ndadula. Amene alibe sowo, ndimubwereka."

Musaganize kuti onse anadula tsiku lomwelo. Anadula anayi okha. Ena anafunsa kuti madziwo apita nawo kuti, ndipo Chivundikiro ankapita akaweruka kukawakumbira ngalande yolowera kumsewu, kapena kuwaikira mgolo pansi pa paipi. Amayi a m'nyumbazo ataona kuti madzi ochapira akubwera okha, anayamba kukakamiza amuna awo. Mkulu wina anamuthamangitsa kawiri, kachitatu anamupatsa mpando. Makaniko uja anavomera kusunga oyilo wakutha m'zigubu m'malo momuthira m'paipi. Paliponse pamene wafika, Chivundikiro ankanena zofanana: mafuta, penti, mankhwala ndi matewera sizisowa zikalowa m'paipi, zimakatulukira m'nyumba ya mnzako wa kumunsi.

Chilimwe chonse chinathera pamenepo. Mvula yoyamba yamphamvu itagwa, anakoka mpando nakhala pakhomo la chimbudzi, maso pansi. Inagwa, inagwa, inakata. Simenti ya pansi inali youma. Anadikira yachiwiri ndi yachitatu, kenaka anasita malaya napita kwa apongozi.

Mayi a mwana atafika anayendera nyumba yonse, akununkhiza m'makona ndi kugwira pansi ndi chikhatho. Potuluka analoza pakhomo nafunsa za matope amene anali pamenepo.

"Amenewo ndi a mvula, mayi ake. Mwana akhoza kuponda."

Anaseka, namasula mwana kumsana, namuimika pansi.

Lero Chivundikiro ndiye kapitawo wa gulu loyendera mapaipi, ndipo dzinalo salikana. Sowo ija anaipachika pakhoma la ofesi yake.

Inu muli ndi madzi anu amene akukulowerani m'nyumba. Mwina akusekani, mwina akuuzani kuti mubwere mawa. Pitaninso. Ndipo tsiku limene utsi udzatulukire padenga lanu, musadzabisale. Kulakwa kwanu si mapeto anu. Tengani sowo, yambani ndi panu, ena adzatsatira. Musataye mtima, pansi padzauma.