Mazira a Alendo ndi Mimba ya Atcheyamani

Atcheyamani a nthambi ya chipani kuno ku Nachisaka amadziyesa adokotala, chifukwa anasesako pachipatala. Akakupeza ukudya chimanga chokazinga amakuimirira pamutu, dzanja lili pamimba: "Tafuna, mwana iwe. M'mimbamu mulibe mano. Chakudya chimapsa kawiri, pamoto ndi m'kati." Koma eni akewo amangomeza ngati bakha.

Sabata yatha anatolera mazira khomo ndi khomo, ati mphatso ya alendo ochokera ku boma. Tsiku la msonkhano, dengu linapezeka lili ndi mazira apansi okha. Iwo osaphethira n'komwe analoza a Tabita, mayi wamasiye amene anasenza dengulo: "Afunseni awa." Ayufi, anyamata a chipani, anawazungulira mayiwo, ndipo aliyense amadziwa kumene amapita munthu wobera chipani.

Atcheyamani anakweza chibakera kuti akuwe "Kwacha!" koma m'malo mwake anangogeya, geee, fungo la mazira owola lokhalokha. Anali atadzimbidwa.

Mlendo wamkulu anatseka mphuno ndi mpango, n'kufunsa mofatsa: "Bambo, munachita kuphika kapena munamwa aawisi?"

A Tabita anatola dengu lawo n'kumapita. Ayufi aja sanabalalike ayi, anangotembenukira kwa Atcheyamani.