Chipolopolo choyamba cha atate

Ndikukumbukira kuti amene anayamba kundiuza anali a Mai Zuze, a ku Tete aja tinkayandikana nawo mu komboni ya pa purazi, famu yaikulu ya fodya ndi chimanga, ku Karoi. Anandipeza pa chibhorani, mjigo wathu, ndikutunga madzi. "Esita, uziyamba kumanga mitolo. Foromani akuti atate ako akalephera kupha nyani pofika Loweruka, ntchito yatha." Ndowa inasefukira ine ndili chilili. Ntchito ikatha, nyumba nayo inkatha, ndipo ife tinalibe mudzi wopitako. Ku Malawi kwa agogo tinkangokumva m'nyimbo za ku tchalitchi.

Atate anali mlonda wa chimanga. Chaka chimenecho anyani a m'phiri ankatsika ngati oitanidwa ku ukwati, patsogolo pali chinyani chaimvi chomwe ana tinkachitcha Manijala, chifukwa chinkayenda manja kumbuyo poyendera munda. Atate akawombera, chipolopolo chinkadutsa pamwamba, Manijala n'kuchoka mosafulumira, chimanga kukamwa.

Akaphonya, atate ankati mfuti yada. M'mawa uliwonse ankakhala pakhomo, kansanza konyowa ndi oyilo atakamanga ku chingwe, n'kumakakoka mu mpope wa mfuti mpaka m'kati mowala ngati galasi. Fungo la oyiloyo tinkalimva ngakhale mu tiyi. Kuphonya kukachuluka, kutsuka nakonso kunkachuluka.

Amayi ndiwo ankawapititsira chakudya kumunda, ndipo anali ndi maso. Lachinayi lake, akukazinga zitumbuwa, analankhula osacheuka.

"Bambo a Esita, chitsa chija cha m'mbali mwa munda chinakulakwirani chiyani?"

"Chitsa chatani?"

"Mukaphonya nyani mumachiwombera ndi mkwiyo, ndipo simunachiphonyepo. Chipolopolo choyamba chokha ndicho chimasochera. Ngakhale ine chitumbuwa choyamba sichituluka bwino, mafuta amakhala asanakhazikike."

"Mayi, mfuti si chiwaya."

"Ndiye pitirizani kuidzoza ngati mkwatibwi."

Atate anatafuna chitumbuwa chawo nthawi yaitali. Mawa lake anapukuta mpope ndi kansanza kouma, n'kupita kuseri kwa damu, kutali ndi phiri, kukawombera pa chulu kuti chipolopolo choyamba chithere pomwepo ndi oyilo yense. Atabwera anaipachika mfutiyo osaikhudzanso, ngakhale manja ankawayabwa. Ife tinagwada, amayi napemphera mpaka mawondo anga anachita dzanzi.

Loweruka m'mawa tikuchapa, tinamva kulira kumodzi kokha. Phuu! Kenako zii. Amayi anagwira sopo osamusiya. Posakhalitsa thirakitala inatulukira pa msewu wa fumbi, Manijala ali gone m'ngolo, atate ataima pambali pake chipewa chili chopendekeka. Komboni yonse inatuluka, nthungululu mpaka ku mashedi a fodya! Atate atatsika anapita kwa amayi, anthu onse akuona, n'kuvula chipewa.

"Mayi, mfuti ndi chiwaya ndithu."

M'nyumba imeneyo tinakhalamo mpaka tonse tinakula. Lero purazi ija inagawidwa minda ing'onoing'ono, mfuti kulibe, anyani amawathamangitsa ndi agalu ndi zitini. Makolo anga onse awiri anagona kumanda a pa komboni pomwepo, moyandikana, m'dothi limene anakana kuchotsedwamo. Ife ana awo tinabalalika, wina ku Chegutu, wina ku Joni, ine kuno ku Macheke ndi ana anga. Ambuye anatisunga, ndipo ndimathokoza. Mukamagwada, abale anga, mutikumbukireko ife a banja la mlonda uja.